Malita 90 a nkhosa nambala 47

Mwa ife anayi palibe amene anakamapo nkhosa. Kwathu nkhosa ndi ndiwo ya pa ukwati, kapena yogulitsa fizi ikavuta, ndipo munthu atapezeka atagwada pansi pa nkhosa chikho chili m'manja, mudzi wonse ungamve dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake aphunzitsi athu a phunziro la kaswanitsidwe ka ziweto atalengeza semesita yathayi kuti ntchito ya m'magulu ikhala ya mkaka wa nkhosa, kalasi yonse inafa nacho chiseko. Iwo anangodikira kuti timalize. Kenaka anatipatsa fayilo ya mizere 320 yomwe anaikonza okha potsanzira kawetedwe ka ku Sardinia. Mzere uliwonse unali nkhosa yaikazi imodzi: nambala yake, bambo wake, mayi wake, khola lake, zaka zake, tsiku limene inabereka, ana angati, ndi mkaka umene unayezedwa mwezi ndi mwezi. Kumapeto kunali kadanga kakang'ono ka ndemanga, komwe ife sitinakayang'ane n'komwe.

Funso linali limodzi. Nkhosa zonsezo zinali ana a mphongo 8, zolembedwa A mpaka H. Tinayenera kuzindandalika kuyambira yabwino koposa, n'kunena kuti ndi ziti zipitirize kubereketsa ndipo ndi ziti zipite kubutchala. Mamalikisi ake anali 30 pa 100 a phunziro lonse, ndipo awiri mwa ife tinali titagwa kale pa mayeso apakati pa semesita.

Poyamba tinkayesa nthano chabe, koma titafufuza tinapeza kuti kunja kuno kuli anthu amene moyo wawo wonse watsamira pa bere la nkhosa. Chilumba cha Sardinia ku Italy chili ndi nkhosa pafupifupi mamiliyoni atatu, zochuluka kuposa anthu ake, ndipo tchizi wambiri wotchedwa Pecorino Romano amapangidwa kumeneko. Kumwera kwa France kuli nkhosa za mtundu wa Lacaune, zomwe mkaka wake ndiwo umapanga tchizi wa Roquefort, amene amakhwimira m'mapanga a ku Roquefort-sur-Soulzon. Ku Spain kuli Manchega, ku Middle East kuli Awassi ya mchira wamafuta, ku Germany kuli East Friesian. Mkaka wa nkhosa ndi wokandapala kuposa wa ng'ombe, mafuta ake amafika 6 kapena 7 pa 100, ndiye anthu saumwa kwambiri mu tiyi, amaupanga tchizi.

Vuto lenileni ndi lakuti mphongo sikamidwa. Ngati ili ndi majini a mkaka wambiri (mawu amenewa musawatchule pamaso pa agogo musanawafotokozere, wina wa ife anayesa ndipo anamupempherera), mungawaone mwa ana ake aakazi basi. Ndipo kumene amabereketsa ndi mbewu ya mphongo yoika ndi manja, monga amachitira alimi a Lacaune, mphongo imodzi imatha kukhala bambo wa ana mazanamazana m'makola osiyanasiyana. Mukalakwitsa posankha, cholakwacho chimabadwa m'khola lililonse.

Usiku woyamba tinamaliza ntchito yonse mu mphindi makumi awiri. Tinaphatikiza malita a ana a mphongo iliyonse, n'kugawa ndi chiwerengero chawo. Mphongo C inapambana patali. M'mawa mwake tinakawaonetsa aphunzitsi monyadira, iwo n'kufunsa kuti, "Ana a C akukhala khola liti, ndipo ali ndi zaka zingati?" Titabwerera ku kompyuta tinapeza kuti pafupifupi onse anali nkhosa zazikulu za zaka zinayi kapena zisanu, za m'khola limodzi lodyetsa bwino koposa. Tinali titapereka ulemu kwa mphongo pa ntchito ya mwini khola.

Apa ndi pamene tinayamba kumvetsa kuti nambala ya malita imene ili m'kaundula yasenza katundu wambiri amene si wa chibadwa cha nkhosayo. Ngakhale nambalayo payokha ndi yowerengetsera, chifukwa palibe amene amayeza mkaka tsiku ndi tsiku. Woyeza amabwera kamodzi pamwezi. Bungwe la ICAR, lomwe limaika malamulo a kayezedwe ka ziweto m'mayiko ambiri, limalola njira zingapo zochepetsera ntchito. Mu njira yotchedwa AT, mwezi uno ayeza mkaka wa m'mawa wokha, mwezi wamawa wamadzulo wokha. Mu njira ya AC ayeza kukama kumodzi, kenaka awongola poyerekeza ndi mkaka wonse umene khola latulutsa tsikulo. Masiku a pakati amawadzaza ndi masamu a Fleischmann: tengani mkaka wa ulendo uno ndi wa ulendo wathawo, pezani wa pakati pake, chulukitsani ndi masiku amene adutsa. Komanso mwezi woyamba ana amakhala akuyamwa, ndipo palibe sikelo ya m'mimba mwa mwana wa nkhosa, choncho amawerengera kuyambira pamene ana aletsedwa kuyamwa.

Pamwamba pa izi pali zaka. Msoti wobereka koyamba ukadali kukula, ndiye sungafanane ndi mayi wa mabere atatu. Pali mapasa: nkhosa yobereka awiri kawirikawiri imatulutsa mkaka wochulukirapo kuposa yobereka mmodzi. Ndipo pali nyengo, yomwe ku Sardinia ndi nkhani yaikulu. Nkhosa zazikulu zimabereka cha mu Novembala, mvula ya kumeneko itayamba, ndipo zimadya msipu wobiriwira miyezi yambiri. Misoti imabereka mochedwa, cha mu Febuluwale kapena Malichi. Koma chilimwe chikafika, udzu n'kuuma cha mu Juni ndi Julaye, khola lonse limaleka kukamidwa pamodzi. Msoti ndiye wataya pawiri: ndi wamng'ono, komanso wakamidwa masiku ochepa. N'chifukwa chake kumeneko akhala akuwerengera misoti pa masiku 100 ndipo zazikulu pa masiku 180. Kuti muyerekeze ziwirizi muyenera kuwongola nambala ya msoti kuti ifike pamene ikanafika akanakhala wamkulu wokamidwa nyengo yonse. Aphunzitsi anatipatsa tebulo la manambala ochulukitsira pa chilichonse mwa izi.

Mlongo wathu mmodzi yekha wa m'gulumo, amene ndiye ankalemba pa kompyuta chifukwa ndi wachangu, anachotsa manja pa kiyibodi atafika pamenepa. Anati, "Achimwene, ine izi sindikuzimvetsa. Nkhosa yatulutsa malita 120, ife tilembe 190. Kumeneku si kunama?"

Tinayesa kumuseka, koma sanali kuchita nthabwala. Bambo ake amalima mtedza, ndipo iye anakula akuona mavenda akubwera pamudzi ndi sikelo yomwe thumba la makilogalamu 50 imaliwerenga 44. Kwa iye nambala imene wayeza ndi imeneyo, ndipo aliyense woikhudza pambuyo pake ndi wakuba, ngakhale atavala taye. Tinakangana mpaka mlonda anabwera kudzatseka labu. Wina anati ndi zimene aphunzitsi akufuna, tingochita. Iye anati chimenecho si chifukwa. Ndipo ankanena zoona.

Zinatitengera masiku awiri kuti tipeze yankho limene iye analilandira, ndipo analipeza ndi iye mwini. Funso limene tapatsidwa si lakuti nkhosayi inatulutsa mkaka wochuluka bwanji. Limenelo yankho lake ndi 120, ndipo tikanakhala kuti tikulipira mlimi, tikanalipira 120 osawonjezera dontho. Funso lathu ndi lakuti bambo wake amapatsira ana ake chiyani. Pa funso limeneli, kusiya 120 pambali pa 216 ya nkhosa yaikulu ndiko kunama, chifukwa tikhala tikuimba mlandu mphongo pa zaka za mwana wake. Koma anaika malamulo atatu, n'kuwalemba pamwamba pa tsamba: nambala yoyezedwa isafufutidwe, ikhale m'danga lakelake kuti aliyense aione, lamulo lowongolera likhazikitsidwe tisanayang'ane kuti nkhosayo ndi mwana wa mphongo iti, ndipo ligwire nkhosa zonse mofanana. Venda wa mtedza uja, anatero iye, sangakuonetse sikelo yake mkati.

Tikanakonda kunena kuti kuchokera apo zonse zinayenda bwino. Lamulo lachitatu lija ndi limene linatigwetsa.

Linali Lachisanu masana, ntchito yofunika Lolemba m'mawa, ndipo magetsi anali atathima m'mawa wonse. Panatsala nkhosa zingapo zimene zinakamidwa masiku ochepa kwambiri, ochepa kuposa amene tebulo la aphunzitsi linafikapo. Dzuwa linali litapendeka ndipo tonse tinkafuna kutseka mabuku Sabata lisanalowe. Wina anati, "Amwene, n'zosavuta izi. Yakamidwa masiku 60, tikufuna 180, chulukitsani katatu." Tinagwirizana, tinachita chimodzimodzi kwa zonse monga lamulo lathu linkanenera, tinasunga fayilo, n'kuthamangira kukasita zovala.

Lolemba tinaima kutsogolo kwa kalasi n'kulengeza kuti mphongo F, yomwe inali ndi ana 9 okha, ndi yachiwiri pa zonse, ndipo alimi aigwiritse ntchito kwambiri. Aphunzitsi anatipempha kuti titsegule mizere iwiri, nambala 47 ndi nambala 112, ndipo tiwerenge mokweza.

Nambala 47, mwana wa F, inayezedwa kawiri. Patatha masiku 15 chiyambire kukamidwa inapereka malita 1.9. Patatha masiku ena 30 inapereka 1.1. Patatha masiku 15 inaleka. Masamu a Fleischmann amapereka 28.5, kuphatikiza 45, kuphatikiza 16.5: malita 90. Nambala 112, mwana wa mphongo ina, inapereka 1.6 kenaka 1.4, masiku omwewo: 24, kuphatikiza 45, kuphatikiza 21. Malita 90. Ife tinazilembera zonse ziwiri 270.

"Werengani masiku obereka," anatero aphunzitsi. "Kenaka muwerenge kadanga komaliza."

Nambala 112 inabereka mochedwa, mu Epulo, inayamba kukamidwa pakati pa Meyi, ndipo pakati pa Julaye khola lonse linaleka kukamidwa. Inalekeza mkaka ukadalipo. Nambala 47 inabereka mu Novembala pamodzi ndi zinzake, ndipo mu Febuluwale, msipu uli wobiriwira, zinzake zikudzaza ndowa, iyo inauma yokha. Ndemanga yake inanena zomwezo. Ndipo ana atatu mwa ana 9 a F anali otero, onse pafupi ndi malita 90.

M'kalasi munali zii. Tinali titalakwitsa kawiri. Choyamba n'chaching'ono: mkaka wa nkhosa umatsika nyengo ikamapita, choncho masiku 60 oyamba ndi onona, ndipo kuwachulukitsa katatu n'kuyesa kuti nkhosa idzakhala pachimake mpaka mapeto. Ngakhale 112, titaiwerengera potsata mmene zinzake zimatsikira, inafika pafupifupi malita 200, osati 270. Chachiwiri ndicho chinatipweteka. Kwa 112, kufupika kwa masiku kunali ngozi ya kalendala, ndipo kuwongola kunali chilungamo. Kwa 47, kufupikako ndiko kunali nkhani yonse. Kuuma msanga ndi khalidwe limene nkhosa ingatengere kwa bambo wake. Ife tinatenga chilema chenicheni chimene tinatumidwa kukachifufuza, n'kuchisandutsa mphoto. Ana 6 ena a F anali pa malita 200, ofanana ndi nkhosa wamba za m'fayilomo. Ndi atatu aja titawakweza, F inaoneka ya malita 223. Atasiyidwa pa 90, inali ya malita 163, yachiwiri kuchokera pansi. Chikomekome cha mkuyu, ndipo nyerere zake tinaziphimba ndife.

Aphunzitsi sanakalipe. Anangofunsa kuti mlimi wa ku Sardinia amene wamva malangizo athu adzadziwa liti kuti tinamusocheretsa. Tinawerenga pa zala: miyezi isanu ya bere, kenaka mwanayo akule mpaka abereke yekha, kenaka akamidwe. Zaka pafupifupi ziwiri, ndipo pofika pamenepo khola ladzaza ndi ana a F. Anatichotsera mamalikisi 8 n'kutipatsa sabata imodzi yokonza.

Mu sabata imeneyo yesero lina linabwera, ndipo linaoneka laulemu kwambiri. Wina anati tingochotsa nkhosa zonse za masiku ochepa, titsale ndi zolembedwa zathunthu, kuti tisakhudzenso nambala iliyonse. Ngakhale mlongo wathu uja poyamba anakopeka nazo, chifukwa palibe chimene chikusinthidwa. Koma titayesa, F inabwerera pa 200, yooneka ngati mphongo yabwinobwino, ana ake atatu ofooka atasowa ngati sanabadwe. Manambala atatu a mphongo imodzi, 223, 200 ndi 163, ndipo la pakatilo, limene linapezeka popanda kuchulukitsa kanthu, linali bodza lofanana ndi loyambalo.

Titawerenga zambiri tinapeza kuti akatswiri enieni anagwamo m'maenje oterewa kale. Mwachitsanzo, manambala owongolera zaka mungawapeze poyerekeza nkhosa zazikulu ndi misoti. Koma nkhosa ya zaka zisanu imene ikadali m'khola ndi imene mlimi sanaigulitse chifukwa ndi yabwino. Zofooka za msinkhu wake zinadyedwa kalekale. Mukayerekeza mosasamala, muganiza kuti zaka zimawonjezera mkaka kuposa mmene zimachitiradi, ndipo mukweza misoti yonse mopitirira. Charles Henderson wa pa yunivesite ya Cornell ku America anathera zaka zambiri pa mavuto a mtundu umenewu, ndipo njira yake yotchedwa BLUP ndi imene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito lero. M'malo mowongola chinthu chimodzi, kenaka china, imawerengera khola, chaka, zaka za nkhosa ndi ubale wa nyama zonse nthawi imodzi, ndipo nkhosa iliyonse imayerekezedwa ndi zinzake zimene zinadya udzu womwewo chaka chomwecho. Ena masiku ano saphatikizanso malita a nyengo yonse, amalowetsa m'masamu muyeso wa tsiku lililonse la woyeza paokha, ndipo vuto lotalikitsa nyengo yaifupi limachepa.

Chinanso chimene chinatichepetsa mtima ndi ichi. Pa kusiyana konse kwa mkaka pakati pa nkhosa, gawo lochokera ku chibadwa ndi pafupifupi 30 pa 100. Zotsalazo ndi chakudya, matenda, manja a wokama ndi mwayi. Ndi ana 9 okha, kudalirika kwa chiweruzo chathu pa F kunali pafupifupi 42 pa 100. Ndi ana 40 kukanafika cha pa 76. N'chifukwa chake ku France mphongo yatsopano ankayamba aiyesa pa ana aakazi makumi atatu kapena anayi m'makola osiyanasiyana asanaikhulupirire. Choncho ngakhale 163 uja sitinamutenge wathunthu. Tinamukokera chapakati monga masamu amanenera, ndipo mu lipoti tinalemba kuti F isagwiritsidwe ntchito kwambiri, koma isaphedwe ana ake ena asanakamidwe. Mmodzi wa ife, amene anachita manyazi kwambiri Lolemba lija, ankafuna ipite kubutchala tsiku lomwelo. Tinamukumbutsa kuti mphongoyo sinalakwe kanthu.

Kodi ntchito yotopetsayi imapindula? Nkhosa ya Lacaune m'zaka za m'ma 1960 inkapereka malita pafupifupi 80 pa nyengo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inali itapitirira 250. Mbali ina inachokera ku kadyetsedwe kabwino ndi makina okamira, koma mbali yaikulu inachokera ku alimi amene analola woyeza kulowa m'khola mwezi ndi mwezi, zaka makumi angapo, mothandizidwa ndi akatswiri a bungwe la kafukufuku la INRA. Nawonso anaphunzira panjira. Ataona kuti mkaka ukamachuluka umayamba kusungunuka, pamene wopanga tchizi amafuna mafuta ndi mapuloteni, anayamba kuyezanso zimenezo, ndipo pambuyo pake anawonjezera thanzi ndi kaumbidwe ka bere. Kuyambira 2015 amasankha mphongo zazing'ono poyeza DNA yake, osadikira ana. Koma kompyuta imadziwa tanthauzo la DNA imeneyo chifukwa cha zolembedwa za mkaka zomwe zija. Kaundula akakhala wokhota, DNA imangothandiza kulakwitsa mofulumira.

Sitikuganiza kuti tidzakamapo nkhosa. Koma mlongo wathu uja atapita kutchuthi anakagula kope la masamba 96 n'kuwapatsa amayi ake, amene ali ndi ng'ombe imodzi yamkaka ndipo amagulitsa ku gulu la alimi a mkaka la kwawoko. Anajambula madanga a tsiku, m'mawa, madzulo, ndipo theka lonse la tsamba analisiyira ndemanga. Akuti amayi ake anafunsa kuti malo onsewo alembemo chiyani, iye n'kuwauza kuti alembe chilichonse: ng'ombe yadwala, madeya atha, wokama anali mwana.

Panali nkhosa imodzi imene sitinagwirizane mpaka tsiku lopereka. Nambala 203 inabereka mu Disembala, inayezedwa kawiri, 1.7 kenaka 1.5, ndipo mu Malichi inangosowa m'kaundula. Kadanga ka ndemanga kanali kopanda kanthu. Mkaka wake sunali kugwa ngati wa 47, koma sinalinso nthawi yoleka kukama ngati 112. Mwina inagwidwa ndi agalu, mwina inagulitsidwa, mwina bere linatupa, ndipo ngati linatupa, awiri mwa ife ankati zimenezonso zingakhale za kumtundu. Awiri ankafuna tiitalikitsire, awiri ankakana. Pamapeto pake tinawerengera njira zonse ziwiri, tinaonetsa kuti bambo wake, mphongo B, ikhala yachitatu pa njira imodzi ndi yachinayi pa inayo, ndipo tinalemba poyera kuti tasiyana maganizo.

Pepala linabwera ndi mamalikisi 20 pa 22 otsala aja. Pambali pa nambala 203 aphunzitsi analemba ndi cholembera chofiira kuti, "Akudziwa ndi mbusa." Mnzathu wina anatenga pepalalo mpaka pakhomo pa ofesi ya abusa a pasukulu pano tisanamugwire malaya n'kumufotokozera kuti akunena wa nkhosa za miyendo inayi.